Russell Uttley Aphika Tepi

Russell Uttley anabadwa ndi mantha monga momwe ana ena amabadwira ndi tsitsi. Azamba amene anamulandira amalumbira kuti mwanayo sanalire msanga ngati anzake. Anatsegula diso limodzi, n'kufufuza kumene kuli khomo lothawira moto ukabuka, ataliona ndiye n'kuyamba kulira. Mumzinda wathu uno wa Sheffield, kumene mwana amadziwa kunola mpeni asanadziwe kumanga nsapato, Russell atapeza ntchito kufakitale anachonderera kapitawo kuti amuike kuchigawo cha masipuni. Anapukuta masipuni mpaka tsiku lopuma pa ntchito, ndipo ngakhale masipuniwo ankawagwira mowanyengerera, poti wina anamunong'oneza kuti sipuni ndi msuweni wake wa foloko.

Ankaopa atsekwe a kupaki. Ankaopa masitepe oyenda okha a m'masitolo, ati amayamba kumeza chingwe cha nsapato kenako mwendo. Foni ikalira ankaiyang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba, mpaka mkazi wake Lorraine abwere kudzaiyankha. Lorraine yemweyo ankamuopanso, koma pamenepo tisamunene, tonse timamuopa.

Panali chinthu chimodzi chokha pansi pa thambo chimene sichinkamudzidzimutsa: nyimbo za Ivo Tarn. Ana a masiku ano simungamudziwe. Anali mnyamata wa konkuno, wa kumtunda ku Walkley. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anzake akukhadzula magitala ndi kudumpha ngati aponda linthumbu, iye ankaima yekha kuseri kwa limba lamagetsi, kumaso atadzola zoyera ngati wagwera m'thumba la ufa, osagwedezeka, osamwetulira. Mawu ake oimba ankadutsa kaye m'makina, n'kutuluka ozizira ngati chitsulo cha m'mamawa. Kulankhula ndiye ayi. Pansanja sananenepo ngakhale zikomo. Atolankhani akamufunsa, ankangowayang'ana mpaka iwo apepese. Anatulutsa zimbale zochepa, n'kusiya, n'kumwalira imvi zisanamere. Lorraine amati nyimbozo zimamveka ngati firiji ikukangana ndi makina ochapira. Koma Russell ali mnyamata anamva kugunda kwa makina aja, kosafulumira, kosachedwa, kopanda chokubisalira pakona, ndipo mtima wake unakhala pansi koyamba chibadwire.

Atapuma pa ntchito anapeza anzake pa intaneti, gulu la okonda Ivo Tarn: madala a dazi ndi agogo aakazi a ku Bremen, ku Ghent, ku Tampere ku Finland, ngakhale konkuno pafupi ku Rotherham kumene sitinkadziwa kuti kuli makutu. Anthu amenewo amatha kukangana dzinja lathunthu ngati kamluzu kakumapeto kwa nyimbo ina kanali ka limba kapena ka ketulo. Ndipo mmenemo Russell sanali Russell. Ankadzitcha Chiphaliwali. Munthu wothawa tsekwe uja, akakhala pakompyuta atatseka chitseko, ankabangula mpaka ku Finland ankamva. Ankadzudzula, ankalangiza, ankagamula milandu. Pa zonse, nkhani imene ankaidziwa ngati chikhatho chake inali ya kuphika matepi.

Inde, kuphika. Matepi akale aja a pamagudumu awiri akakhalitsa amamwa chinyezi, ndipo ulimbo umene umagwira fumbi lofiirira pomwe pamakhala nyimbo umasanduka phala. Ukaiika pamakina ili choncho, tepi imalira kwiii ngati nkhumba, fumbi n'kukanganuka, nyimbo n'kupita. Mankhwala ake n'kuifunditsa pamoto wozizira, wongofunda ngati m'khwapa, tsiku lonse, kuti ulimbo ugwirenso kwa kanthawi. Moto ukachepa, palibe chachitika. Ukapyola, watsala ndi chikondamoyo chakuda. Chiphaliwali analemba za luso limeneli nkhani zazitali ngati msewu wa ku London. Chimene gulu silinkadziwa n'chakuti Russell chibadwire anali asanaphikepo tepi. Ngakhale dzira ankaliphika ataima pakhomo la khitchini.

Tsiku lina m'gulumo munagwa uthenga wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, za munthu wotayipa ndi chala chimodzi. Anali mayi Doreen Haigh, mlongo wake wa Ivo. Amisiri okonza denga anawapezera bokosi kusiling'i, m'bokosimo muli tepi ya tsiku loyamba limene Ivo anaimba pagulu, kuholo ya anthu a kufakitale ya zitsulo. Iwo anati phokosolo alibe nalo ntchito. "KOMA TSIKU LIMENELO ANANDILANKHULA ALI PANSANJA. MAWU AKE NDAWAIWALA MMENE ANKAMVEKERA. NDIKUFUNA NDIWAMVENSO NDISANAFE."

Gulu linaphulika. Ivo Tarn kulankhula! Dala wina wa ku Ghent anagwa pampando n'kuthyoka dzino loikirira. Mayi Doreen anakanitsitsa kutumiza tepiyo pa positi, ati chinthu cha mchimwene wawo sichikwera galimoto ya alendo. Panafunika munthu wa pafupi, wodziwa kuphika. Pekka wa ku Tampere, mlomo wa gulu lonse, sanachedwe.

"Nanga tivutikiranji? Chiphaliwali amakhala komweko! Madala, nthawi yanu yakwana. Valani epuloni."

Russell anawerenga mawuwo. Anafuna kulemba kuti wasamukira ku Peru. Anafuna kulemba kuti wamwalira. Koma zala zake, zimene zinazolowera kubangula, zinalemba zokha: "Nkhani yaing'ono imeneyo. Bweretsani."

Mayi Doreen anabwera nayo okha pa basi, ataifungatira ngati khanda. Anali gogo wamfupi wa chikhoti cha kutchalitchi, wa maso osaphethira ngati a mchimwene wawo. Russell atatsegula bokosi, fungo la nkhungu linamuwomba mbama. Denga lija linkadontha zaka zambirimbiri pamwamba pomwepo. Anajambula chithunzi n'kutumiza kugulu, ndipo akatswiri onse, amene sanagwirizanepo ngakhale pa dzina la tsiku, ulendo uno ananena chimodzi: tepi imeneyi, ngakhale iphikidwe bwino chotani, idutsa pamakina kamodzi kokha. Kachiwiri kulibe.

"Kamodzi kandikwanira," anatero mayi Doreen. "Mundijambulire pakompyuta yanuyo, ndizikamvera kwathu. Anzanuwo amvere nawo tsikulo, sindikuwamana. Koma wina asajambule. Sindifuna mawu a Ivo wathu azigulitsidwa pamsika ngati kabichi."

Lamulolo analitenga Wiebke wa ku Bremen, woyang'anira gulu, mayi amene anachotsapo mwamuna wake m'gulumo chifukwa chotchula chaka cholakwika, akudya naye patebulo limodzi. Analumbiritsa aliyense payekhapayekha. Wojambula mobisa, anati, achotsedwa iye ndi zidzukulu zake zosabadwa. Kenako analembera Russell payekha.

"Chiphaliwali, makina ako ali ndi batani lofiira?"

Anali nalo. Makinawo Russell anawagula kalekale, ankawapukuta Loweruka lililonse, koma kuwayatsa ankaopa kuti angathe.

"Batani limenelo limafufuta. Munthu wina ku Utrecht analikhudza ndi chigongono, ndipo pomwe panali nyimbo yosowa pano pali chifuwa chake, akutsokomola. Anasamuka m'dziko. Mkazi anamuthawa. Galu wake sayankha akamuitana. Chofiira usakhudze. Wamva?"

Anamva mopitirira. Batanilo analimata pulasitala, pamwamba n'kuvundikira chitsekerero cha botolo, n'kumatanso. Sabata yonse ankayenda m'nyumba akung'ung'udza kuti chofiira ayi, chofiira ayi. Anakana matimati. Anakana jamu. Lorraine atavala juzi yofiira, iye anadutsa chammbali ngati nkhanu, manja ali m'mwamba. Pekka anamuphunzitsa kulumikiza waya kuchoka kumakina kupita kukompyuta, n'kumuonetsa kadontho kapakona kamene amadina kuti kompyuta iyambe kujambula. Russell anayankha kuti zimenezo anazidziwa Pekka asanabadwe, koma maso ake anali pa pulasitala.

Lachisanu linali tsiku lophika. Uvuni sanaukhulupirire, ati umapsa mtima. Anasankha makina a Lorraine oumitsira maapozi a kudimba, chinthu chozungulira cha pulasitiki chimene chimapuma mpweya wofunda.

"Bambo inu, makina anga amenewo mukawanunkhitsa nkhungu, mulowamo ndinu," anatero Lorraine.

"Lorraine, chonde, tsitsani mawu. Ikumva kugwedezeka."

"Ikumva? Tepi? Ine ndakhala nanu zaka zonsezi simunandimvepo, lero tepi yamera makutu?"

Anaiika pakati ngati akuika mwana m'chikuta, n'kuizunguliza tizipangizo toyezera kutentha: ka nyama yowotcha, ka jamu, ka m'bafa, ngakhale kaja ankamupimira Gemma mwana wawo akadwala. Tizipangizo tonseti tinkanena zosiyana. Kena kankati kwazizira, kena kankati thawani. Russell anakhala pampando, mphuno pafupi ndi makina, kuyambira m'mawa. Sanadye. Kuchimbudzi ankapita chothamanga, chitseko chili chotsegula, khosi atalipinda kuti aziona. Ankaganiza za gogo uja ndi maso ake osaphethira. Ankadziona akumupatsa chikondamoyo chakuda pambale, n'kunena kuti mchimwene wanu ndi uyu.

Chakumasana anamva fungo la chinthu chopserera.

Kenako belu lochenjeza za utsi linalira kudenga, ndipo Russell anadumpha mpaka tsitsi lake lotsala linatsalira pa getsi. Anakumbatira makina onse, waya ndi zoyezera zomwe, n'kuyamba kuzungulira nawo m'khitchini akukuwa, "Yapsa! Ivo wapsa! Itanani ozimitsa moto! Ayi, musawaitane, abwera ndi galimoto yofiira!"

Lorraine anatulukira kuseri kwake atanyamula mbale.

"Ndi buledi wanga, chitsiru inu. Ndamuwotcha kwambiri. Khalani pansi musanagwetse m'bale wa eni ake."

Tepi inapsa bwino, ngati tinganene choncho. Inagona Loweruka lonse kuti izizire, Russell akuilondera ngati maliro.

Lamlungu masana mayi Doreen anafika ndi chikhoti chawo chija, n'kukhala pampando wa pakona, chikwama pamiyendo. Lorraine anaika mabanzi a mphesa zouma patebulo, n'kutsamiritsa foni yake pachitini cha shuga kuti gulu lizionera ndi kumvera. Pafonipo panadzaza timitu ta dazi, tambirimbiri ngati mazira m'thireyi. Ena anavala zakuda. Wa ku Ghent uja anadzola ufa kumaso. Aka kanali koyamba kuti amuone Chiphaliwali ndi maso.

"Kodi ameneyo ndiye Chiphaliwali?" anafunsa Pekka. "Ine ndimayesa ndi chimphona. Mayi, mwamuna wanu ali kuti? Uyu ndi wodzawerenga mita ya gasi."

"Ndi yemweyo, achimwene," anatero Lorraine. "Kunjenjemeraku musadabwe, ndi mmene amapumira."

"Chete nonse," anatero Wiebke. "Manja pomwe ndikuwaona. Chiphaliwali, yamba."

Russell anakoleka tepi. Thukuta linkatsika mumsana ngati mtsinje wa Don nthawi ya mvula. Chofiira ayi, chofiira ayi. Anatseka maso, n'kudina batani lakuda.

Magudumu anayamba kuzungulira. Kunamveka mpweya, fooo, kenako matambula akugundana, madala a kufakitale akuitanitsa mowa, wina akuseka. Kenako kugunda kuja. Kosafulumira, kosachedwa. Limba linalowa pang'onopang'ono ngati nkhungu ya m'chigwa, ndipo pafoni timitu tonse tinaima chilili. Wa ufa uja misozi inamulembera misewu iwiri kumaso. Russell naye anayamba kupuma. Mumtima anati mwina, mwina Mulungu amakondanso anthu a masipuni.

Nyimbo yachiwiri ili pakati, m'mimba mwa makina munamveka kuti thu!

Lamba wa mphira, amene anagona osagwira ntchito kuyambira Gemma ali kusukulu ya mkaka, anaduka. Gudumu lolandira tepi linaima. Nyimbo inkamvekabe, poti kachitsulo kokoka tepi kankakokabe, koma tepiyo posowa poikulunga inayamba kutsikira pansi, lendelende, kulunjika kumene kunali mphaka wawo.

"Mayo! Mayo ine!" Dzanja la Russell linathamangira kuzimitsa.

"Usaimitse!" Gulu lonse linakuwa pamodzi mpaka foni inagwa chagada. Lorraine anaidzutsa. Wiebke anali atadzaza galasi lonse ndi nkhope. "Ukaimitsa imamatira pomwepo, siyendanso! Zungulitsa gudumu ndi chala! Ndi chala, munthu iwe!"

Russell anapisa chala pagudumu n'kuyamba kupukusa. Akafulumira, tepi inkakungika ngati iduka. Akachedwa, inkalendewera, mphaka n'kutukula dzanja. Lorraine anamunyamula mphakayo n'kumuponya pabwalo, ndipo anthu a ku Hillsborough, mbali ina ya mzinda, amati anamuona akudutsa. Russell anapukusa. Ndipo akupukusa choncho anaona chinthu china: pansi pa kachitsulo kowerenga tepi pankagwa fumbi lofiirira, waa, ngati tsabola wopera, ndipo tepi imene inkafika pachala chake inali yoyera mbee, yoonekera ngati khoko la anyezi. Nyimbo iliyonse ikamveka, inkafera pomwepo. Kumbuyo kunalibe kanthu. Ivo Tarn ankatha ngati kandulo, m'manja mwa Russell Uttley.

Apa ndiye anatsegula pakamwa.

"Ikutha! Lorraine, ikusungunuka! Ambuye ndikhululukireni, sindinaphikepo ine! Ndinkangowerenga! Chala changa chafa! Lorraine, chala chachoka, chili pansi, chitoleni! Ndikomoka. Ndikukomoka tsopano. Mukauze Gemma kuti ndinkamukonda!"

"Mukakomoka ndikudzutsani ndi chiwaya. Pukusani!" anatero Lorraine.

"Madala, mukutiphimbira nyimbo!" anakuwa Pekka. "Lirani motsatira kugunda, mwina zigwirizana!"

Nyimbo zinkabwera n'kumapita, Russell akupukusa ndi kulira, kupukusa ndi kulapa. Analapa machimo a kusukulu. Analapa sipuni imene anaipinda mu 1988 n'kuibisa m'sokosi. Chala chinatupa ngati soseji, phewa linayaka moto, koma kuima sanaime, poti kuopa kupitiriza kunali kwakukulu, koma kuopa kusiya kunali kwakukulu koposa.

Nthawi yonseyi mayi Doreen anali phee, ngati ali pamzere wa kuchipatala. Nyimbo ina yayitali itayamba kutsika, anaweramira kutsogolo, chikwama n'kugwa pansi osachitola.

"Ndi pano," anatero. "Ikangotha iyi."

"Sindifika! Mayi, pepani, ine sindifi..."

Lorraine sanataye nthawi. Anatola banzi lalikulu pa onse n'kulikankhira m'kamwa mwa mwamuna wake mpaka linakagunda kumene kumachokera mawu. M'khitchini munagwa bata. Limba linazilala. M'holo muja wina anaomba m'manja kawiri n'kusiya. Kenako kunamveka kukhosomola pang'ono, ndi mawu a mnyamata, opanda makina, amanyazi, a ku Walkley enieni:

"Doreen wathu, uli kuti? Eya, ndakuona. Ukawauze amayi kuti vesiti ija ndavala. Asadandaule, sindizizidwa."

Ndipo anaseka. Ivo Tarn, munthu wa chitsulo, anaseka kakuseka kopusa kotulukira m'mphuno, holo yonse n'kuseka naye.

Mayi Doreen anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Maso osaphethira aja anaphethira.

Posakhalitsa mchira wa tepi unatuluka n'kuyamba kukwapula makina, phaphapha. Russell anazimitsa, n'kugwera pampando, banzi lili m'kamwa. Pafoni anthu ankalira, ena ankaomba m'manja, Pekka ankangobwereza kuti vesiti, vesiti, abale inu, vesiti. Patebulo panali kamulu ka fumbi ndi gudumu la tepi yoyera yopanda kanthu.

"Wagwira ntchito, Chiphaliwali," anatero Wiebke, ndipo amene amamudziwa amati mawu otere sanawanenepo ngakhale pa ukwati wake. "Tsopano imitsa kompyuta, usunge bwino zimene wajambula."

Russell anatembenukira kukompyuta. Inali chete, yoyera, yodikira mwaulemu ngati wantchito amene sanauzidwe chochita. Pakona, kadontho kaja kamene Pekka anamuonetsa kanali pomwepo, kosakhudzidwa.

Kanali kofiira.

Amati munthu akamamira amaona moyo wake wonse. Russell anaona masipuni. Banzi linagwa lokha m'kamwa. Anayang'ana mulu wa fumbi, akuganiza ngati angaumatenso ndi guluu kambewu kamodzikamodzi. Anayang'ana khomo. Koma pakati pa iye ndi khomo panali mayi Doreen, akupukuta m'maso, akumwetulira.

"Mundiikire pa kachimbale, bambo Uttley," anatero. "Ndikamverenso madzulo ano ndikumwa tiyi."

Pa zoopsa zonse zimene Russell anathawa pa moyo wake, atsekwe, masitepe, mafoloko, panalibe choopsa ngati kumwetulira kumeneko. Ndipo kunalibe kothawira.

"Mayi," anatero ndi mawu ang'ono ngati a udzudzu. "Sindinadine. Kanali kofiira. Sindinajambule kanthu."

Lorraine anakhala pansi, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Pafoni timitu tonse tinauma ngati chithunzi. Mayi Doreen anayang'ana Russell, n'kuyang'ana tepi yoyera ija, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono ngati madzi m'sinki. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangowerama n'kutola chikwama chawo.

"Basi," anatero. "Ndamumva kamodzi. Ena sapatsidwa n'komwe."

Anayamba kumanga mabatani a chikhoti, ndipo batani lililonse linkamulasa Russell pamtima.

Pafoni wina anakhosomola. Anali Pekka, ndipo koyamba m'mbiri ya gulu ankaoneka ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'chitini cha bisiketi.

"Mayi Haigh, tayimani kaye. Ine... foni yanga inayake ili ndi vuto. Imayamba yokha kujambula. Ndi matenda ake."



"Yanganso ili ndi matenda omwewo," anatero wa ufa wa ku Ghent.

"Kunonso agwa matendawo," anatero wina ku Rotherham.

Mliri unafalikira Ulaya yense. Anthu amene analumbira pa manda a amayi awo anayamba kutulutsa timakina pansi pa matebulo, m'matumba a malaya, kuseri kwa miphika ya maluwa. Kodi munthu amene wasunga tikiti ya basi imene anakwera popita kukaona Ivo Tarn angamve mawu a Ivo Tarn n'kuwasiya apite ndi mphepo? Onse ankayang'ana pakona pamene panali nkhope ya Wiebke, kudikira nkhwangwa.

Wiebke anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Zanuzo n'zinyalala," anatero. "Mwajambula ndi mafoni, ngati ana. Ine ndinalumikiza waya." Anatembenuza kamera yake. Kumbuyo kwake kunali makina ounjikana mpaka kudenga, onse magetsi ali ngwee, ofiira okhaokha. "Ndinaopa kuti ena angafe pakati."

"Wiebke iwe!" anakuwa Pekka. "Ndi zidzukulu zako zosabadwa zomwe!"

"Lamulo ndi lamulo. Ndikatumiza kwa mayi Haigh, ndidzichotsa m'gulu mwezi wathunthu. Inu nonse mufufute zanuzo lero."

Ndipo anadzichotsadi, atadzilembera kalata yodzudzula yoopsa kwambiri moti anthu ena anamupepesera kwa iye mwini.

Zimene Wiebke anatumiza zinafika tiyi asanazizire. Zinali zimene foni ya pachitini cha shuga inamva, ndiye kuti khitchini yonse. Anazimvera pomwepo atatuwo. Limba la Ivo linkamveka chapatali, ndipo pamwamba pake, momveka bwino ngati wolengeza nkhani pa wailesi, Russell Uttley ankalira chala chake, kulapa za sipuni, ndi kutsanzika Gemma. Kunamveka mphaka akuuluka. Kunamveka chiwaya chikulonjezedwa. Russell anabisa nkhope m'manja, akudikira pamene mawu ake adzakwirire mawu a mnyamata uja, poti m'mantha ake sankakumbukanso kuti anasiya liti kukuwa.

"Sindifi..." anatero Russell wa m'kompyuta. Kenako fwaa, banzi. Kenako zii.

"Doreen wathu, uli kuti?"

Liwu lililonse linamveka, loyera ngati madzi. Vesiti, amayi, kuzizira, kakuseka ka m'mphuno. Mayi Doreen anamvera maso ali otseka. Anapempha kuti abwezerenso, n'kubwezeranso. Pomaliza anamasula mabatani a chikhoti n'kutenga banzi.

"Ndi yemweyo," anatero. "Ankaseka choncho akaba shuga."

Russell anayerekeza kutukula mutu. "Mayi, anzangawa amadziwa kuchotsa phokoso. Angathe kundifufutamo ine, mutsale ndi mchimwene wanu yekha."

"Musayerekeze. Nyimbo zakezo chikhalire sindinazimvepo zikukoma chonchi. Pakhale munthu wolira pamwamba, ndiye zikumveka ngati za anthu."

Gulu silinamuchotse Russell. Kumuchotsa kukanakhala chifundo. Dzina la Chiphaliwali linafera m'khitchini muja, pano amamutcha Banzi, ndipo akangolemba chilichonse, kaya ndi moni, Pekka amayankha kuti, "Chala chili bwanji, madala? Munachitola?" Iye amayankhabe, koma mofatsa, poti aliyense anaona kukula kwake. Nkhani zake za kuphika matepi anawonjezerapo mzere umodzi pamwamba, wonena kuti lamba wa makina ayambe wayesedwa, ndiponso kuti zofiira zili mitundu iwiri.

Chala chija sichinaiwale. Mukamuona Russell kumalo omwera tiyi a pamsika, dzanja lili patebulo, mudzaona chikuzungulira chokha pang'onopang'ono, kosafulumira, kosachedwa. Lorraine amangochiika m'kapu kuti chimutakasire shuga. Mayi Doreen amabwera Lamlungu lililonse kudzamwa tiyi, ndipo akamachoka, atamanga chikhoti, amaima pakhomo n'kumuyang'ana Russell ndi maso aja.

"Bambo Uttley, kunja kukuzizira. Vesiti mwavala?"

Ndipo amakhala atavala. Amaopa.